HDR ya pafoni, RAW imodzi kapena kuwombera katatu: zomwe ndaona ine kuno ku Mzuzu

Ndiyambire pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chibavi chifukwa mpomwe ndinaonera manyazi. Anamanga tenti yoyera pabwalo, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mkati mwa tenti kamdima, kunja kuwala kothobwa m'maso. Ndajambula tsiku lonse, kufika kunyumba kuika mu laputopu ndikuona nkhope zonse zada bii, kumwamba kwayera mbee ngati pepala. Ine nde ndinati aaa izi nzazing'ono, tizikonza ndi HDR, njira ija yowalitsa pamdima nkuchepetsa powala, kukoka ma slider, timizere tokonzera chithunzi tija, onse mpaka kumathero, zikuoneka ngati zaphwanya ndithu pa sikirini yanga usiku umenewo, ndikutumiza pa gulupu ya banja. M'mawa kusanache foni ya azakhali. Moni sanapereke nkomwe. "Iwe, mkamwini wangayu wamupaka phulusa?" Kuyang'ananso chithunzi chija, zoonadi munthu wambuwa, makwinya oti alibe atuluka pachipumi, suti yakuda ikuoneka ngati yagona pa simenti, mutu wazunguliridwa ndi kamkombero koyera ngati oyera mtima a pa kalendala.

Kuchokera tsiku limenelo ndayesa pafupifupi njira zonse zomwe thumba langa lingakwanitse, nde ndati ndiziyale pano mmene ndaziwonera, wina asadzaimbiridwe foni ngati ine.

Gwero la vutoli ndi loti diso ndi lochenjera kuposa kamera. Mukakhala mu minibasi pa depoti mumaona nkhope ya kondakitala mkatimo komanso mitambo pawindo nthawi imodzi, diso limasinthasintha lokha inu osadziwa. Kamera imasankha mbali. Ikakondera mkati kunja kumapsa, ikakondera kunja mkati mumada. Ojambula amayeza kusiyanaku ndi ma stop, stop imodzi ndekuti kuwala kwawirikiza kawiri, ma stop atatu ndi ka 8, akafika khumi ndi ka 1024, mwaona mmene zimathamangira eti. HDR ndi chidule cha high dynamic range, kungotanthauza kugwira mbali zonse ziwiri, powala ndi pamdima, mu chithunzi chimodzi. Ndipo sizinabwere ndi mafoni ayi. M'zaka za m'ma 1850 mkulu wina wa ku France, Gustave Le Gray, ankajambula nyanja pa negativu ina mitambo pa ina nkuziphatikiza pa pepala limodzi. Za pakompyutazi zinadzakhazikika mu 1997 pomwe Paul Debevec ndi Jitendra Malik ku Berkeley anaonetsa masamu osakanizira zithunzi zingapo zosiyana kuwala.

Njira yomwe aliyense ali nayo kale mthumba ndi HDR ya pafoni. iPhone 4 inayamba nayo mu 2010, pano ma Tecno, ma Infinix, ma Samsung, pafupifupi onse ali nayo mu kamera. Mukadina kamodzi foni imawombera kangapo mwachangu nkusakaniza yokha. A Google pa HDR+ yawo anachita mwina, amawombera zithunzi zambiri zakuda dala kuti kumwamba kusapse, nkuziunjika pamodzi kuti timadontho tonga mchenga ta mumdima tichepe, kenako nkuwalitsa. Ubwino wake palibe chonyamula, palibe laputopu, palibe kudikira magetsi. Mwakwera kabaza pa Katoto dzuwa likulowa kwafiira psuu, mwauza wakabaza aime kaye, kudina, basi mwatenga. Kuipa kwake foni siikufunsani maganizo, yaganiza kale m'malo mwanu. Mafoni otchipa amachedwa pakati pa kuwombera koyamba ndi kotsiriza nde mwana akagwedeza dzanja zala zimatuluka khumi, komanso ambiri amawalitsa mthunzi uliwonse mpaka chithunzi chimaoneka chosalala, chopanda pozama, ngati chojambulidwa ndi choko. Pa nkhope zathu zakudazi mafoni amasiyana kwambiri, ena amasunga mtundu bwinobwino ena amakumbuwitsa, nde musanakhulupirire foni yanu pa mwambo wa anthu yesani kaye kunyumba, muimike mlongo wanu pakhomo kumbuyo kwake kukuwala, mujambule HDR ili on kenako ili off, muone nokha. Amene muli pa Android ndipo mumakonda kugwiragwira zinthu, pali apu yaulere ya Open Camera, ili ndi HDR yake komanso imatha kuwombera zitatu zosiyana kuwala nkukusiyirani zonse kuti mukasakanize nokha, kungoti zina mwa izi zimatengera ngati foniyo ikulola.

Pali china chomwe anthu amachitchula HDR koma si HDR. Snapseed ili ndi HDR Scape, ma apu enanso ali ndi zofanana nazo, mumatenga chithunzi chimodzi cha JPEG chojambula kale nkuchipaka. Apa palibe chatsopano chomwe chalowa, kumwamba kukapsa kwapsa basi, apuyo imangosandutsa poyera paja kukhala potuwa ngati madzi otsukira mbale. Pa khoma lakale, pa dzimbiri la lole, pa mulu wa makala, pang'ono pokha zimakoma. Pa munthu ayi, chonde. HDR yolembedwa pa makatoni a TV m'mashopu ija nayo ndi nkhani ina, imeneyo ikunena za sikirini yotha kuwala kwambiri, tisaisakanize pano.

Tsopano njira yomwe ine ndimagwiritsa ntchito masiku ambiri, RAW imodzi, ndekuti fayilo yosaphika yomwe kamera imasunga isanaifinye kukhala JPEG, chithunzi wamba chija. JPEG imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse, pomwe RAW ya 12 bit ili ndi 4096, ya 14 bit 16384, nde muli zambiri zobisika mumdima zomwe mutha kuzitulutsa pambuyo. Kachitidwe kake nkosavuta, mumajambula moteteza powala. Yang'anani histogram, kaphiri kaja ka pa sikirini ya kamera kosonyeza mmene kuwala kwagawikira, kasagunde khoma la kumanja, ngati kamera ili ndi zophethira zija zosonyeza pomwe papsa ziyatseni, muchepetse kuwala mpaka zisiye kuphethira pa diresi kapena pa mitambo. Chithunzi chioneka chakuda pa kamera ndipo eni mwambo akasuzumira adandaula, apirireni, mukafika pa laputopu mukweza ma shadows, pamdima paja, kutsitsa ma highlights, powala paja, zinthu nkubwerera. Chifukwa chake nchoti poyera pakapsa sipabwerera olo mutalira, koma pakuda pamabwerera, kungoti pamabwera ndi timchenga tija. Kuchuluka kwa timchengato kumatengera kamera. Yanga ndi Canon 600D yomwe achimwene anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndikakweza mthunzi ma stop awiri imapirira, ndikapitirira pamenepo mumdima mumatuluka timadontho tofiira ndi tobiriwira ngati chitenje. Mnzanga wa ku Luwinga ali ndi Nikon D3300, iyeyo amakoka kuposa ine chithunzi chili bwinobwino, zimandiwawa koma ndi zoona.

Chomwe ndimaikondera njira imeneyi nchoti chilichonse choyenda sichivuta, poti chithunzi ndi chimodzi. Ovina malipenga, mpira, ana, amayi akutaya ndalama pa perekaniperekani, mbalame, zonse zimagwidwa pomwepo. Pulogalamu yotsegulira RAW siyofuna ndalama, darktable ndi RawTherapee ndi zaulere, darktable imazunguza mutu sabata zoyamba poti mabatani ndi ambirimbiri koma mukaizolowera simuisiya. Mafoni ena amajambulanso RAW ya mtundu wa DNG ndipo Snapseed yomweyo imaitsegula, kungoti sensa ya foni, kogwira kuwala kaja, ndi kakang'ono, musayembekezere zodabwitsa.

Ndiye pali HDR yeniyeni ya anthu ouma mutu, kuwombera katatu kapena kasanu malo amodzimodzi, china chakuda, china chapakati, china chowala, nkukasakaniza. Amati bracketing. Pa ma Canon ang'onoang'ono ngati yanga muli AEB mu menyu, yomwe imasintha yokha kuwala kwa zitatuzo, mumaika pa ma stop awiri uku ndi uku, nde ngati shutter, nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala, pa chapakati ili pa 1/125 ya sekondi, chakuda chikhala 1/500 chowala 1/30. Amene muli ndi Nikon D3100, D3200, D3300 mpaka D3500 musavutike kusaka, AEB mulibe, muzisintha nokha ndi chala pa M, manual ija, mosamala kamera isasunthe. Chosintha ndi shutter yokha, aperture, kukula kwa bowo lolowera kuwala mu lens, isakhudzidwe, apo ayi pena pakhala pakuthwa pena pofuwa ndipo sizigwirizana posakaniza. ISO, yomwe ikakwera imabweretsa timchenga tija, ikhale pansi penipeni, focus muitseke pa manual mukaipeza, white balance, yoona kufunda kapena kuzizira kwa mitundu, isakhale pa auto, ndipo ikani timer ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze. Tripod, miyendo itatu yoimikapo kamera ija, ndiyofunika koma ngati mulibe musaleke, ine ndinayamba ndi sokosi yodzaza nyemba, kuika pa mwala kapena pa denga la galimoto, kamera nkukhazikika pamenepo ngati nkhuku pa mazira.

Pomwe njira imeneyi inandionetsa kuti ndi akatundu ndi ku Livingstonia. Tinakwera Gorodi kuchokera pa Chitimba, makona aja mpaka mtima m'mwamba, kufika pamwamba ndikupempha akuluakulu a pamalopo kuti ndijambule mkati mwa tchalitchi. Muli windo lija la magalasi amitundumitundu losonyeza David Livingstone. Foni inayesa, windo linaoneka koma mabenchi ndi njerwa zonse phala. RAW imodzi, ndikateteza windo mkati monse mumada moti kukweza kwake timchenga tokhatokha. Ndinaika kamera pa benchi ndi sokosi yanga ija, kuwombera kasanu ndikusintha shutter ndekha, kuyambira pomwe mitundu ya pagalasi ikuoneka yokhuta mpaka pomwe matabwa a kudenga akuoneka mizere yake. Nditasakaniza chinatuluka chimene diso langa linaona nditakhala pa benchi paja, osawonjezera kanthu. Malo oterowo, mkati mwa nyumba muli windo, mathithi a Manchewe dzuwa likuwomba mbali imodzi ya phompho, mkati mwa mapaini a ku Chikangawa kuwala kukulowa mipatamipata, palibe njira ina yoposa iyi.

Koma ku Nkhata Bay inandichititsa manyazi ena. Ndinadzuka 4 koloko kuti ndikapeze dzuwa likutuluka pa nyanja, poti kumeneko limatulukira kutsidya kwa madzi, asodzi a usipa akubwerera ndi nyali zawo. Kuwombera katatu bwinobwino, kusakaniza, bwato limodzi latuluka atatu, msodzi ali ndi mitu iwiri ndi theka, wina akuonekera mkati ngati galasi. Ndinaonetsa mnyamata wina wogulitsa nsomba pagombe ulendo wotsatira, anayang'ana nthawi yaitali nkundibwezera foni, amvekere "Biggie, izi musamaonetse anthu kuno." Ojambula amazitchula ghosting, mizukwa ndithu, ndipo chilichonse chosuntha chimatero, mafunde, masamba a nthochi kukakhala mphepo, mitambo yothamanga, galu wodutsa. Mapulogalamu ali ndi deghost yoti isankhe chithunzi chimodzi pamalo posunthapo, pena imakhoza pena imasiya zigamba. Onjezani kuti RAW iliyonse ya kamera yanga ndi cha m'ma 25 MB, malo amodzi zitatu kapena zisanu, memory card imadzadza dzuwa lisanakwere, kenako laputopu yakale ikulira fani ngati chigayo, ili pakati posakaniza magetsi phethi, batire linafa kalekale, kuyambiranso mawa.

Posakanizapo palinso mphambano, ndipo apa mpomwe zithunzi zambiri zimaonongekera. Njira yakale ndi tone mapping, pulogalamu imapanga kaye fayilo yaikulu ya 32 bit yomwe sikirini wamba singaionetse, kenako nkuifinya kuti ikwane. Photomatix ndi yomwe inatchuka nazo, ndi yogula, yoyeserera imadinda dzina lake pa chithunzi. Luminance HDR ndi yaulere, mkati mwake muli mayina ngati Mantiuk, Fattal, Reinhard ndi Drago, amenewo ndi anthu omwe anapeka masamu ake. Reinhard amatulutsa zofatsa, Fattal ndi uja amapanga mitambo yolusa ngati kukubwera chimaliziro ndi udzu wobiriwira ngati penti, tsiku loyamba mumati eee ndafika, pakatha mwezi mumafufuta mwakachetechete. Timikombero toyera tozungulira mitengo ndi madenga timachokera kumeneku, mukakoka strength kwambiri.

Njira inayo yosakanizira ndi exposure fusion, ya Tom Mertens ndi anzake mu 2007. Iyi siipanga fayilo yaikulu ija, imangoyang'ana pa chithunzi chilichonse nkutola pomwe paoneka bwino, windo kuchokera ku chakuda, mabenchi kuchokera ku chowala, nkulumikiza mosaonetsa msoko. Imapezeka mu Enfuse yomwe imabwera ndi Hugin, zonse zaulere, ndipo Hugin yomweyo imathanso kulunzanitsa zithunzi ngati kamera inasuntha pang'ono. Maonekedwe a pulogalamuyo ndi osakopa, ngati fomu ya ku ofesi, koma zotuluka zake zimaoneka zachilengedwe ndipo laputopu yofooka imakwanitsa. Cha ku Livingstonia chija ndinapangira imeneyi. Lightroom nayo kuyambira mu 2015 ili ndi Photo Merge, mumasankha zitatu zija, imalunzanitsa yokha, kuchotsa mizukwa, nkukupatsani DNG imodzi yomwe mumaikonza ngati RAW wamba. Kunena chilungamo iyi ndiye yophweka kuposa zonse ndipo siikukankhirani ku zokokomeza, vuto ndi kulipira mwezi ndi mwezi m'madola, forex yake mmene ikuvutiramu, kwa munthu ongojambula zokonda ine ndinaona kuti sizikundikwanira. darktable ili nako kabatani kosakanizira koma imafuna zithunzi zoti kamera sinasunthe olo pang'ono. Ndipo ngati muli ndi mtima wautali, GIMP, zithunzi ziwiri zokha ngati mmene ankachitira Le Gray, china pamwamba pa chinzake, layer mask yomwe imakulolani kubisa mbali ya chapamwambacho, burashi yofewa, kufufuta pang'onopang'ono kumwamba kuti kwa chinacho kuonekere. Pa phiri kapena nyanja pomwe malire ndi owongoka ndi mphindi khumi, pa mtengo wa nthambi zambiri mugonera pomwepo.

Tisaiwale kuti pena yankho silili mu kompyuta. Kuli magalasi ena oika kutsogolo kwa lens, akuda kumtunda oyera kumunsi, amati graduated ND, pa nyanja amagwira bwino koma kuno sindinawaonepo mu shopu, mpaka kuitanitsa. Flash yaing'ono ya pakamera ija anthu amainyoza koma masana pansi pa tenti, mutaichepetsa mphamvu, imadzutsa nkhope bwino kuposa slider iliyonse. Katoni yomata foyilo, kapena nsalu yoyera mwana ataigwira chapambali kuti ibweze kuwala kumaso, zimagwiranso. Komanso nthawi. Mzuzu wathuyu Juni ndi Julayi kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, anthu ali m'majekete kudandaula kuzizira, koma kwa wojambula imeneyo ndi mphatso, kuwala kumakhala kofewa kofanana paliponse, foni iliyonse imakwanitsa popanda HDR. Mukaiyatsa pa nkhungu mumangoononga, imayesa kuchotsa nkhungu yomwe mwadzukira. Miyezi yovuta ndi Seputembala mpaka mvula isanagwe, kuyambira cha m'ma 10 mpaka 3 koloko, pamenepo ngati sizokakamiza ingodikirani madzulo.

Nde mukandifunsa kuti nditenge iti, ine ndimayamba ndafunsa kuti chikusuntha kapena ayi, ndipo pali nkhope kapena palibe. Zongoika pa status, foni basi, musadzivutitse. Pali anthu, pali kuvina, pali mafunde, RAW imodzi moteteza powala. Chili phee ndipo kusiyana kwa kuwala ndi kwakukulu zedi, katatu kapena kasanu kenako Enfuse, kapena Lightroom kwa amene muli nayo. Tone mapping yolusa ija ndimaisungira magalimoto akufa ndi nyumba zakugwa, komwe kukokomeza kumakhala ngati dala.

Pa nkhope ndionjezepo pang'ono poti mpomwe ndinagwera. Khungu lakuda ndi lakuda, si mthunzi woti uchotsedwe, koma pulogalamu siidziwa zimenezo, imangoona pakuda nkuyamba kukoka kuti pafike pakatikati, nde mpomwe phulusa lija limachokera, kuwala kwakwera koma mtundu wathawa. Clarity, structure, detail, chilichonse cha dzina lotero chimakumba timabowo ta pakhungu ndi thukuta, pa munthu chizikhala pa ziro kapena pansi pake. Ngati mukufuna mitambo yolusa ipangeni kumwamba kokhako ndi mask, munthuyo mumusiye. Mukakweza nkhope kwezani pang'ono, mubwezeretse kakufunda pa white balance, ndipo siyani penapake pakhale pakuda ndithu, suti yakuda ioneke yakuda. Ine pano ndikamaliza kukonza sinditumiza usiku womwewo, ndimagona kaye, m'mawa nkuchionera pa foni panja, chifukwa maso akakhala pa sikirini maola atatu amazolowera zonyansa zilizonse. Potumizanso pa WhatsApp muzitumiza ngati document, apo ayi imachifinya, kumwamba kosalala kuja nkutuluka mizeremizere.

Mwayi wake tsiku la chinkhoswe lija kamera inali pa RAW+JPEG mwangozi, sindinkadziwa nkomwe ntchito yake. Patapita miyezi ndinazipeza mu hard drive, kutsegula mu darktable, kutsitsa tenti, kukweza nkhope stop imodzi ndi kachidutswa, osakhudza china chilichonse. Ndinakatsukitsa chimodzi chachikulu mtauni nkupita nacho ku Chibavi. Azakhali anavala magalasi, kuchiyang'ana, kuchitembenuza kumbuyo kaya amafuna aonenso chani, kenako amvekere "Eya, uyu nde mkamwini wanga. Nanga ine bwanji sindikuoneka, unandidula dala?" Anali atayima kuseri kwa mzati wa tenti, chikuoneka ndi chigongono chokha ndi kansonga ka duku.